Munda wa Pansi pa Phompho

Leland Tsinajinnie anabwerera kwawo mu Okutobala, patapita zaka makumi anayi ndi zinayi chichokereni. Mlongo wake Verlinda anali kukhola akuthira madzi m'migolo yomwera nkhosa pamene anaona galimoto yoyera ikubwera pang'onopang'ono mumsewu wafumbi, ikuzemba maenje ngati yanyamula mazira. Sanathamange. Anamaliza kuthira madziwo, anatseka khola, kenaka anapukuta manja pasiketi.

Sabata yapitayo anali atalandira foni yochokera kumzinda wa Phoenix. Anali mawu a mtsikana amene sanamuonepo chibadwire, wotchedwa Charmaine, mwana wa Leland. "Azakhali, adadi akufuna kubwera." Verlinda anangoyankha kuti, "Njira akuidziwa," n'kudula.

Munthu amene anatsika m'galimotomo sanali uja ankamukumbukira. Iye ankakumbukira mnyamata wa mapewa otambalala amene ankakwera phompho atasenza mwana wa nkhosa pakhosi, uku akuimba mluzu. Uyu anali nkhalamba yowonda ya timachubu m'mphuno, mwana wake akumutsatira pambuyo ndi botolo lachitsulo la mpweya. Zaka zowotcherera zitsulo m'mafakitale zinali zitamudya mapapo.

Anagwirana chanza mopepuka, osayang'anana m'maso.

"Mwafika, achimwene."

"Ndafika, mlongo wanga. Koma wakalamba bwanji iwe?"

"Kwanuko galasi kulibe?"

Leland anayamba kuseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa, mpaka anatsamira chitseko cha galimoto.

Verlinda anawaphikira msuzi wa nyama ya nkhosa ndi buledi wokazinga. Anawaikira patebulo bwinobwino, koma iye anadyera chiimire pafupi ndi chitofu. Mumtima mwake munali nkhani imene inakhala m'menemo zaka khumi ndi chimodzi. Banja lawo linali ndi makomo awiri. Nthawi yozizira ankakhala pamtunda pano, ndipo kukafunda ankatsikira pansi m'chigwa, pakati pa makoma ofiira a miyala, kumene kunali munda wa chimanga ndi mitengo ya mapichesi. Mayi awo anadwalira kumeneko. Anakana chipatala, anakana kukwezedwa pamtunda. Verlinda anatumiza uthenga ku Phoenix katatu, koma Leland sanabwere. Mayi anathera m'nyumba yawo yozungulira ya kumunda, ndipo monga mwa mwambo, malemu mwamuna wa Verlinda anagumula khoma la kumpoto, nyumbayo n'kusiyidwa kuti igwe yokha.

M'mawa mwake, akumwa khofi, Leland ananena chimene anadzera.

"Ndikufuna mundiyendetse mumsewu wa m'mphepete mwa phompho. Tiziima m'malo onse oonera aja."

Verlinda anaika kapu pansi. "Aja amaimamo alendo a makamera?"

"Omwewo."

"Kwanu komwe mukufuna kukasuzumira ngati mlendo wa pabasi? Ngati mukufuna kumunda, pikapu ilipo. Titsika."

"Sindingathe," anatero Leland. "Maola awiri akugwedezeka mumchenga uja, botolo lingathere panjira. Adokotala anakana ngakhale ulendo uno."

Charmaine ankangowayang'ana mosinthanasinthana. Mayi ake, amene anamwalira iye ali kusekondale, anali ochokera ku Mexico, ndipo mtsikanayo Chinavaho, chilankhulo cha mtundu wa bambo ake, sankachimva kupatula moni. Verlinda anamuyang'ana mtsikanayo, anaona chipumi cha agogo ake chili pomwepo, ndipo anapita kukatenga shawelo.

Anakwera galimoto yoyera ija, Charmaine akuyendetsa, Verlinda atakhala kumbuyo ndi botolo lachiwiri pamiyendo. Msewu wa tala unkakhota pakati pa mikungudza yaifupi ndi zitsamba zotuwa. Munthu woyenda pamenepo sangadziwe kuti chapafupi pomwepo dziko lang'ambika pakati, kufikira ataima pamphepete penipeni.

Pamalo oyamba panali mabasi awiri. Alendo anali atandanda pakampanda ka miyala, mafoni ali m'mwamba. Chapambali, amayi ena anali atayala mikanda ndi ndolo pamabulangete. Mmodzi wa iwo, Mae Bitsui, amene anakulira limodzi ndi Verlinda, anaika dzanja pachipumi n'kuyang'anitsitsa.

"Verlinda, ameneyo si Leland uja ankatibera mavwende?"

"Ndi yemweyo. Sungani katundu wanu."

"Ha! Tinkayesa anakumezani a ku Phoenix. Mwabwera ndi chingwe m'mphuno ngati ng'ombe, ndani akukulimitsani?"

"Ukalamba, chemwali," anatero Leland. "Koma mavwende anu aja sanali okoma. Ndinkangokuthandizani."

Anafika pakampanda paja mwapang'onopang'ono. Pansi, kutali kwambiri, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inali itasanduka yachikasu, ndipo mtsinjewo unali mchenga wokhawokha wokhala ndi kamzere kamodzi ka madzi. Akhwangwala awiri ankauluka cha m'munsi mwa mapazi awo. Charmaine anagwira pakamwa.

"Adadi, munakulira m'menemu? Bwanji simunandibweretse?"

Mzungu wina wachikulire wa chipewa chachikulu, amene anali atangomaliza kuwerenga chikwangwani, anatembenukira kwa Leland mwaulemu.

"Mukudziwa, bambo? Alemba apa kuti mpaka lero pansipo pamakhala anthu. Amalima ndithu!"

"Zoona?" anatero Leland. "Ayenera kuti ndi anthu ouma mitu."

Verlinda anayang'ana kumbali kuti asaoneke kuti milomo yake yagwedera.

Pamalo achiwiri ndi pamene anthu amaonera nyumba za anthu akalekale, zomangidwa m'phanga pakati pa khoma la tsidya. Leland anati iye atsala m'galimoto kuti asunge mphamvu.

"Pita ndi azakhali ako," anauza Charmaine. "Masitepe ndi ambiri, koma pakati pali benchi pansi pa mtengo. Ukafika kumapeto uyang'ane kumanzere, osati kumene kwaloza chikwangwani. Kumanzereko ndiye kuli zojambula za mbawala."

Anatsika awiriwo. Charmaine ankajambula chilichonse, miyala, buluzi, mthunzi wa mtambo pakhoma. Verlinda nyumba za akufa sankakonda kuziyang'ana, choncho anakhala pabenchi paja n'kumudikira. Atakhala, anasisita thabwalo ndi dzanja. Linali lisanakalambe. Anakumbukira kuti benchi imeneyi anaiika anthu a boma oyang'anira malowa zaka zinayi kapena zisanu zapitazo, chaka chimene mvula inakokolola masitepe. Nanga munthu amene anachoka kuno msewu uno usanathiridwe ndi tala komwe, benchiyi anaidziwa bwanji?

Atabwerera m'galimoto Verlinda anangoyang'ana kumbuyo kwa mutu wa mchimwene wakeyo, tsitsi la imvi lodulidwa mwa m'tauni, ndi makutu aakulu ngati a bambo awo.

Anadutsa malo ena awiri osaima nthawi yaitali. Dzuwa litafika pamutu anakhotera kumsewu waung'ono wopita kumalo omalizira, kumene mabasi safika kawirikawiri. Panalibe galimoto ina. Kuchoka poimika magalimoto kukafika pamphepete panali kamtunda ndithu, njira yodutsa pathanthwe losalala.

"Adadi, apa simungathe," anatero Charmaine.

"Apa ndiye ndadzera."

Charmaine anamugwira mkono. Verlinda ananyamula botolo la mpweya n'kumayenda pambuyo pawo, akusamala kuti kachubu kasakoke. Ankayenda mapazi khumi n'kuima, khumi ena n'kuima. Kupuma kwa Leland kunkamveka ngati munthu akucheka thabwa lonyowa. Ulendo umene mwana angathamange kamodzi n'kamodzi unawatengera pafupifupi theka la ola.

Pamapeto panali mpanda wa mapaipi. Leland anaugwira ndi manja onse awiri. Sanafunefune ndi maso. Anayang'ana molunjika pansi chakumanja, pamene chigwa chimapinda ngati chigongono.

Munda unali pomwepo, waung'ono ngati mpango wogwera pansi. Mapesi a chimanga anali atauma. Mitengo ya mapichesi inkaoneka ngati timadontho tating'ono tondondozana. Chapafupi panali kanyumba ka malata kamene Verlinda anamanga pambuyo pake, ndipo patali pang'ono, pansi pa khoma, panali mulu wozungulira wa dothi ndi mitengo yakugwa.

Verlinda anali asanaimepo pamalo amenewa. Munthu sapita kukasuzumira pakhomo pake ali padenga. Anadabwa kuona kuti moyo wake wonse, makasu onse amene anathyola, zidebe zonse zimene anasenza, zinkakwana pansi pa chala chimodzi.

Leland anatulutsa m'thumba la jekete magalasi oonera patali, akale, opalika m'mbali. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mitengo yatsala khumi ndi inayi," anatero m'Chinavaho. "Chaka chatha inali khumi ndi isanu. Uja wa pafupi ndi mwala wauma."

Mphepo inkawomba kuchokera pansi, yozizira, yonunkhira fumbi.

"Chaka chatha," anabwereza Verlinda.

"Eya."

"Ndi benchi ija."

Leland anatsitsa magalasi aja. Sanatembenuke. Analankhula akuyang'ana pansi pomwepo, mawu atatu n'kupuma, mawu anayi n'kupuma.

"Uthenga wako wachitatu utandipeza ndinanyamuka. Ndinabwera, Verlinda. Koma ndinayamba kumwa ndisanatuluke ndi mu Phoenix momwe, ndipo pofika kuno ndinali chinthu chosaoneka bwino. Ndinati mayi asandione chonchi. Ndinabwera pano kuti mphepo indiwombe kaye. Ndinaona utsi. Ndinakuona iwe ukuchokera kumtsinje ndi zidebe ziwiri, utavala bulauzi yofiira. Ndinati mawa nditsika." Anakoka mpweya. "Mawa lake ndinaimanso pano, mutu uli bwino, nsapato nditamanga. Ndiye ndinaona mwamuna wako akutuluka ndi nkhwangwa. Anapita kukhoma la kumpoto."

Verlinda anatembenukira kwa iye.

"Munali pano."

"Ndinali pano."

"Njira ya mapazi ili apo. Ola limodzi, achimwene. Inu munkaitsika mukuthamanga."

"Ndikudziwa."

"Ndiye munatani?"

"Ndinakwera galimoto n'kubwerera. Kuyambira tsiku limenelo sindinalawenso dontho. Koma nkhope yoti ndikuonetse ndinalibe. Chaka chilichonse masamba akasanduka achikasu ndinkabwera, n'kuima pano pamodzi ndi alendo. Kawiri ndinakuona. Kamodzi unkayanika mapichesi pathanthwe."

Verlinda anafuna kuchoka. Anatembenuka ndithu n'kuponya phazi, koma kachubu kanakoka, mutu wa Leland n'kupendekera kwa iye. Anali ataiwala kuti wanyamula botolo. Anaima. Analiika pansi mosamala, analitsamiritsa pampanda kuti lisagubuduzike, kenaka anayenda yekha pathanthwe mpaka pamene panali mkungudza wopindika ndi mphepo. Anakhala pamenepo atafulatira.

Sanalire. Ankaona masiku anayi omaliza aja. Ankaona mayi ake atagona pachikopa cha nkhosa, opepuka ngati mtolo wa mapesi, maso ali kukhomo. Galu akauwa, ankadzutsa mutu. Ndipo m'mawa uliwonse iye ankatuluka ndi zidebe, osaganizako n'komwe zokweza maso kuyang'ana pamwamba pa khoma.

Atabwerera anapeza Charmaine akulira mwakachetechete, ngakhale sanamve liwu ndi limodzi lomwe.

"Azakhali, chachitika n'chiyani? Adadi anena chiyani?"

Verlinda anaima pambali pa mchimwene wake, nayenso n'kugwira mpanda.

"Anakufunsani masiku anayi," anatero. "Tsiku lililonse ndinkawauza kuti muli m'njira. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziimba mlandu kuti ndinanamiza mayi anga ali pamphasa ya imfa. Kani sindinaname."

Leland anaweramitsa mutu mpaka chipumi chinakhudza paipi. Mapewa ake ankagwedezeka. Verlinda anamusiya. Sanamugwire, komanso sanasunthe pamene anaimapo.

Patapita nthawi Leland anadzutsa mutu n'kupukuta kumaso ndi mkono wa jekete.

"Sindinabwere kudzapempha kuti undikhululukire. Zimenezo ndi zako, uchita nazo mmene ufunira. Ndabwera chifukwa cha mwanayu. Umutsitse kumunda."

"Munda umayenda ndi akazi. Mayi ake sanali a mtundu wathu. Mukudziwa zimenezo."

"Sindikumupemphera munda. Angopondapo. Ine ndikapita, asadzakhale munthu wongoima pampanda."

Verlinda anayang'ana mtsikana uja, nsapato zake zoyera za m'tauni, mphuno yofiira ndi kulira. Anatenga magalasi m'manja mwa Leland n'kumupatsa. Analoza ndi milomo, n'kuyamba kulankhula Chingerezi chake chapang'onopang'ono.

"Yang'ana apo pali mitengo. Anabzala ndi agogo a agogo ako, asilikali a boma atadula mitengo yoyamba pankhondo yakalekale. Ukuona miyala yozungulira kuseri kwake? Linali khola. Mchombo wa bambo ako unakwiriridwa pamenepo, kuti azikonda nkhosa." Anapumira. "Mankhwala ake sanagwire."

Leland anatulutsa kamawu kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira.

"Nanga mulu uwo?" anafunsa Charmaine.

"Umenewo sitiloza. Ndidzakuuza tikadzakhala pansi."

Ulendo wobwerera kugalimoto unali wovuta kuposa wopita. Pakati panjira miyendo ya Leland inakana, ndipo anamukhazika pamwala n'kusintha botolo. Milomo yake inali itada. Verlinda anavula shawelo n'kumufunditsa, akung'ung'udza kuti munthu wamkulu amabwera bwanji kumtunda kuno ndi kajekete kopyapyala ngati ka mwana wasukulu.

Patapita masiku awiri, Verlinda anamudzutsa Charmaine dzuwa litangotuluka, anamupatsa nsapato zachikopa za malemu mwamuna wake ndi masokosi awiri, ndipo anatsika naye njira ya mapazi. M'malo ena njirayo ndi timaenje tosemedwa m'thanthwe, tongokwana chala cha phazi. Mtsikanayo anatsika chokhala, akuitana Mulungu m'zilankhulo ziwiri. Koma anafika. Anayenda pakati pa mapesi, anagwira makungwa a mitengo, anamwa madzi a pakasupe. Verlinda anamuuza za agogo ake, zonse, osabisa ndi za bambo ake zomwe. Atamva zonsezo, Charmaine anafunsa ngati panali ntchito yoti agwire. Anathera masana onse akuzula mapesi.

Leland sanabwererenso ku Phoenix. Palibe anamuuza kuti akhale, ndipo palibe anamuuza kuti apite. Charmaine anabwerera yekha kuntchito, n'kumabwera Loweruka lililonse ndi mabotolo odzaza. Verlinda anakokera bedi pafupi ndi chitofu. Nkhani ya pampanda ija sanaiyambenso. Masiku ena ankadzuka mtima uli m'mwamba, n'kumamenyetsa mapoto, osamulankhula mpaka madzulo. Masiku ena ankakhala pambali pake akupota ubweya, awiriwo akukangana za dzina la bulu amene anali naye ali ana. Anapha nkhosa yonona n'kumuwotchera matumbo okulunga mafuta, amene Leland anati wakhala akuwalota zaka makumi anayi. Anadya tiwiri tokha, n'kunyambita zala.

Chisanu choyamba chitagwa, kumayambiriro kwa Disembala, kupuma kunamuvuta kwambiri. Iye mwini ndiye anapempha kuti amutengere kuchipatala ku Chinle.

"Ndingathe kukusamalirani pompano," anatero Verlinda.

"Ndikudziwa kuti ungathe. Wachita kale zimenezo kamodzi, zakwana. Kalize galimoto."

Anamwalira tsiku lachitatu, masana, Charmaine atamugwira dzanja lamanja, Verlinda atakhala pampando kumiyendo. Anamuika m'manda a pafupi ndi tauni. Verlinda anasunga masiku anayi a maliro osatuluka pakhomo, ndipo lachisanu anatsuka tsitsi lake n'kukatsegulira nkhosa.

Mwezi wotsatira anakumana ndi Mae Bitsui musitolo, pamashelefu a ufa. Mae anamugwira dzanja nthawi yaitali.

"Ndinamva, mnzanga. Komabe anachita bwino kubwera. Paja amati chibale n'fupa, sichiola."

"Sichiola, koma chimathyoka."

"Nanga unamukhululukira?"

Verlinda ananyamula thumba la ufa n'kuliika m'ngolo. Anaganiza kaye, chifukwa Mae sanali munthu womuyankha mwachisawawa.

"Sindikudziwa," anatero. "Anadya pakhomo panga milungu isanu ndi iwiri. Tandithandiza, mafuta ophikira awasunthira kuti?"